Makalata Awiri ndi Chifuwa cha Abambo

Udokotala wanga unayamba ndisanaone n'komwe khomo la sukulu ya zachipatala. Unayambira panja pa tchalitchi ku Bembeke, Lamulungu lina lozizira la mwezi wa Juni, pamene akatekisiti ankaitana anthu amene makalata awo afika m'thumba la pa mishoni. Ine anandiitana kawiri. Maenvulopu onse awiri anali a khaki, a chidindo pakona, ndipo anthu sanadikire kuti nditsegule. Mayi wina wa m'kwaya anangoti, “Basi, tapeza adokotala athu,” ndipo dzinalo linandikakamira ngati chisoso pa buluku.

Zinali zaka zoyamba za zipani zambiri, anthu atangosiya kunong'ona. Ine ndinali nditamaliza Folomu 4. Mapointi anga sanafike oti n'kupita ku yunivesite, choncho ndinalembera sukulu ziwiri zophunzitsa makilinikolo ofesa, anthu amene amaona odwala, kulemba mankhwala, ngakhale kuchita opaleshoni kumene kulibe dokotala. Kumudzi palibe amasiyanitsa zimenezo. Ukavala gauni loyera ndiwe dokotala, nkhani yatha. Sukulu yoyamba inali ya boma, mumzinda, ndipo ophunzira ake ankaphunzirira ntchito m'mawodi a chipatala chachikulu cha boma. Yachiwiri inali ya mishoni ya mpingo wina, kutali kummwera kumene amalima tiyi, ndipo inali ndi kachipatala kakekake. Zonse ziwiri zinanditenga, ndipo zonse zinkafuna yankho mwezi wa Julayi usanathe.

Alangizi sanasowe. Aphunzitsi anga akale a sayansi anati, “Pita ku boma, mnyamata. Kumeneko matenda onse a m'buku ukawaona ndi maso, ndi ena oti m'buku mulibe. Chaka chimodzi chokha manja ako adzakhala atapsa.” Bambo mfumu a parishi yathu anaona mwina. Anati ku boma odwala ndi ochuluka, ophunzitsa ndi ochepa, munthu amaphunzira kufulumira asanaphunzire kuchita bwino, pamene ku mishoni wokuphunzitsa amaima pambali pako mpaka umalize. Amayi nkhawa yawo inali ya Misa basi, kuti kumpingo wa eni ndikasiya kupemphera. Ine m'mawa ndinkadzuka ndili wa boma, pofika madzulo ndili wa mishoni. Koma ndisaname, kuzunguzika kumeneko kunkandikoma. Ndinkayenda pamsika maenvulopu ali m'thumba la shati, nditawatulutsa pang'ono dala kuti chidindo chizioneka.

Munthu mmodzi yekha amene sananditchule kuti adokotala anali abambo. Iwo ankacheka matabwa a paini ku Phiri la Dedza. Ankanyamuka pa njinga Lolemba m'mamawa, n'kubwera Loweruka akununkhira utomoni, utuchi uli m'tsitsi. Sanali munthu wolankhula zambiri. Nditawawerengera makalata aja anangoti, “Werenga bwino, usankhe wekha,” n'kupita kudimba kukaona kachewere wawo.

Chifuwa chinawayamba nthawi ya mvula. Ankati ndi utuchi, chitha chokha. Kenako anayamba kukankha njinga pa zitunda zimene kale ankakwera akuimba likhweru. Pofika Juni uja anasiya kupita kuphiri. Ankagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akati agone chagada mpweya unkawathawa. M'mawa nkhungu ikakuta mudzi, tinkawamva akutsokomola kuseri kwa nyumba, kumene ankabisala kuti amayi asaone zimene akulavula.

Tinawakakamiza kupita ku kachipatala kathu kakang'ono. Wachipatala wa pamenepo, bambo wachikulire, anawavula malaya n'kuwagogoda pachifuwa ndi zala. Mbali imodzi inalira ngati ng'oma, inayo inangoti thi, ngati thumba lodzaza chimanga. Anati m'chifuwamo muli madzi, ndipo zimenezi si za pano. Anatenga pepala kuti alembe kalata yotitumiza kwina.

“Mukhoza kupita pa boma pompa, madziwa amachotsa,” anatero. “Kapena kumzinda, kuli makina ojambulira abwino ndi madokotala akuluakulu. Koma kumzinda n'kutali, ndipo n'kodzaza. Ndilembe kuti?”

Ankafunsa amayi. Amayi anatembenukira kwa ine.

“Adokotala, mukuti bwanji?”

Sankaseleula ayi. Mayi amene anandibereka, amene dzulo lake lomwelo ankanditukwana kuti iwe wasiya mbuzi zidye ndiwo zamasamba, anandipatsa ulemu wa inu pamaso pa anthu. Mutu wanga unakula pomwepo. Ndinati tipite kumzinda, chifukwa cha makina aja. Chimenecho ndi chifukwa chimene ndinanena. Chinalipo china chimene sindinanene, ndipo ndikuchilemba pano koyamba: chipatala cha mumzinda chija ndi chimene ndikanakaphunzirirako ndikanasankha sukulu ya boma, ndipo ndinkafuna kukachiona ndi maso ndisanayankhe makalata. Ndinaona mwayi m'chifuwa cha abambo anga.

Anatinyamula ndi Msilamu wina wa sitolo ya m'mbali mwa msewu waukulu, amene mashelefu ake onse anali a matabwa a abambo. Lachitatu lililonse ankapita kumzinda kukaoda katundu pa pikapu yake. Abambo anawaika kutsogolo, ine ndi amayi kumbuyo ndi nkhuni, ufa ndi bulangete. Potitsitsa anagwira abambo dzanja ndi manja awiri, nati Lachitatu lililonse azidzatizonda.

Wodi ya amuna inali yaitali, mabedi uku ndi uku, ndipo pakati pa bedi ndi bedi panali matiresi pansi, munthu ali pomwepo. Abambo anapeza matiresi a pansi, pafupi ndi chitseko chotulukira kukhonde. Tsiku lomwelo ndinaphunzira kuti chipatala cha boma chimapereka mankhwala, koma kusambitsa wodwala, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi kukataya za m'beseni, zonsezo ndi za gadiyani, wachibale wodikirira matenda. Amayi ankakhala kuchisakasa cha magadiyani kuseri kwa chipatala, kumene ankaphika ndi kuchapa pamodzi ndi amayi ena ochokera m'maboma onse. Poti inali wodi ya amuna, beseni linali langa.

Panali lamulo limodzi limene aliyense ankalidziwa. Madokotala akamabwera kudzayendera odwala, kapena okolopa akamalowa ndi ndowa zawo, magadiyani onse panja. Anesi ankangowomba m'manja kawiri, anthu n'kumatuluka mwakachetechete. Tsiku loyamba ine sindinatuluke. Ndinasolola envulopu ya boma ija n'kuonetsa anesi, n'kuwauza kuti ndine wophunzira wobwera posachedwa. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine ndi masilipasi anga, naseka pang'ono mosapsa mtima.

“Mukadzabwera mudzalowa, achimwene. Lero ndinu gadiyani.”

Ndinakaima panja pa windo limodzi ndi anzanga, manyazi ali tho.

Pa tsiku lachitatu kunabwera wophunzira wa chaka chomaliza atanyamula thireyi ya singano ndi botolo. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zitatu kapena zinayi basi, gauni lake lili ndi banga la inki pathumba, maso ofiira ndi kutopa. Anati wabwera kudzachotsa madzi aja, ndipo akufuna munthu wogwira wodwala. Ndinakhazika abambo, manja awo ali pamapewa anga, nkhope zathu zitayandikana kuposa mmene zinayandikiranapo chibadwire changa. Wophunzirayo anawerenga nthiti ndi zala, milomo ikugwedera ngati mwana wowerengera samu. Anabaya. Sipanatuluke kanthu. Anasolola, anawerenganso, anabayanso. Palibe. Zala za abambo zinandilowa m'mapewa, thukuta likuyenderera ngakhale kunali kozizira.

Ndinapsa mtima. “Kodi zimenezi munachitapo, kapena mukuphunzirira pa abambo anga?”

Sanakwiye, ndipo sanandiyang'ane. “Ndachitapo kanayi. Wondiyang'anira ali ku fiyeta, ku opaleshoni, kuyambira m'mawa, ndipo odikira ndi awa mukuwaonawa. Mukafuna, tidikire mawa.”

Abambo analankhulira m'khutu mwanga, mawu akutuluka limodzilimodzi. “Musiye mwana wa eni agwire ntchito yake.”

Kachitatu madzi anabwera, achikasu ngati tiyi wosapsa, n'kuyamba kudzaza botolo. Ndinamva chifuwa cha abambo chikumasuka pa ine. Masana amenewo anagona chagada koyamba patapita milungu yambiri, mpaka kuliza mkonono. Adokotala a ku Bembeke anatuluka mwaulemu, n'kukasanza kuseri kwa thanki ya madzi.

Madzulo ake ndinamupeza wophunzira uja pakhonde akudya chinangwa chootcha choimirira. Ndinapepesa, kenako ndinamuonetsa makalata onse awiri. Anawerenga akutafuna.

“Ndiye mukufuna ndikuuzeni chiyani?”

“Kuno kapena uko.”

“Kuno ntchito mudzaidziwa, zimenezo musakayike. Koma mudzaidziwira pa anthu ngati abambo anuwa, ndipo nthawi zambiri mudzakhala nokha. Uko sindinapiteko. Akuti odwala ndi ochepa, wokuphunzitsa amakugwira dzanja. Komabe nakonso singano imalowa mwa munthu.”

Ndinabwerera mu wodi, n'kukhala pamapazi a abambo, ndi kuyamba kulemba kuseri kwa envulopu zabwino ndi zoipa za sukulu iliyonse. Pansi pa boma ndinalemba kuti odwala ambiri, ndipo ndinaziika mbali ya zabwino. Wodwala mmodzi mwa ambiriwo anali atagona pomwepo, phazi lake likukhudza bondo langa. Ndikakumbukira pepala limenelo mpaka lero ndimachita manyazi.

Mpumulo uja sunakhalitse. Patapita masiku asanu madzi anabwereranso, ndipo atawachotsa anali ofiirira. Anawajambula. Ndinaona wophunzira uja akukweza chithunzicho pa windo, mbali imodzi yakuda, inayo yoyera ngati yothiridwa ufa. Kumapazi kwa matiresi kunkakhala fayilo ya abambo, ndipo tsiku lililonse ndinkaitsegula n'kumaiyang'anitsitsa nditakwinya nkhope. Chizungu ndinkachidziwa, ndinakhoza bwino ndithu pa mayeso, koma za m'fayilomo zinali zilembo ziwiriziwiri, manambala ndi mizere yokhotakhota. Sindinkatolapo kanthu. Amayi akabwera ndi phala masana ankandipeza ndili nayo m'manja.

“Alemba zotani lero?”

“Akuti akupezako bwino pang'onopang'ono.”

Ndinkanena zimenezo tsiku ndi tsiku. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo kuchisakasa kuja anali atauza kale anzawo kuti iwo ali ndi mwayi, mwana wawo amamva za m'mapepala a madokotala. Amayi ena anayamba kundibweretsera makadi a odwala awo kuti ndiwaonere. Ndinkagwedeza mutu mwanzeru n'kuwauza kuti apitirize kumwetsa mankhwala. Kunena kuti sindikudziwa kunkandiopsa kuposa bodza.

Sabata yachiwiri ikutha, bambo wa ku Mayani amene ankagona pa bedi la pamwamba pa abambo anamwalira m'mawa, dzuwa litatuluka kale. Ankacheza ndi abambo za mitengo ya feteleza ndi za mvula ya kwathu. Antchito a pachipatala anabwera ndi kangolo kachitsulo kovundikira, anamunyamula, ndipo akazi ake anatsatira pambuyo akulira, amayi a kuchisakasa akuwaperekeza ndi nyimbo mpaka ku mochale. Pasanathe ola pa bedipo panali munthu wina. Abambo anaona zonsezo. Masana anakana phala.

“Ndibwezereni kwathu,” anatero.

Amayi anati adye kaye.

“Mayi a ana, ndamva m'thupi mwangamu. Sindikuchira ine. Ndikufuna bambo mfumu adzandidzoze mafuta ndili m'nyumba mwanga, ndione kachewere wanga ngati wakhwima. Mawa ndi Lachitatu, a sitolo aja abwera. Ndikwere nawo.”

Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akupempha kanthu kwa munthu. Amayi anavundikira phala lija, anandikodola, ndipo tinatuluka pakhonde. Anamanga chitenje chawo bwinobwino ngati akukalankhula ndi mlendo.

“Adokotala, tiwatenge kapena tidikire? Inu ndi amene mumawerenga pepala lija.”

Ndinati andipatse kanthawi. Ndinathamanga kukasaka wophunzira uja, ndipo ndinamupeza akusamba m'manja. Anati dokotala wamkulu wa zifuwa adzayendera wodi imeneyi Lachinayi, mwina iyeyo akaona chithunzi chija anena china. Ndinamufunsa mosazungulira ngati abambo achire. Anapukuta manja pa gauni, nandiyang'ana m'maso.

“Sindikudziwa.”

Ndinamunyoza mumtima. Zaka zitatu pasukulu, gauni, cholembera pathumba, yankho lake n'kukhala limenelo? Ine sindikanabwerera kwa amayi ndi mawu opanda pake ngati amenewo. Ndinkaopanso kuti tikawatenga n'kukafera panjira kapena kunyumba, mudzi wonse udzati adokotala aja anatulutsa bambo awo m'chipatala mankhwala asanathe. Ndipo pansi pa zonsezo panali kachinthu kena konyansa: ndinali ndisanaone dokotala wamkulu akuphunzitsa, ndipo ndinkafuna kuona mmene amachitira. Pochoka pa sinki paja kufika pakhonde, liwu lake lija loti mwina ndinalitaya panjira.

“Tidikire Lachinayi, amayi. Kukubwera dokotala wamkulu, adzawasinthira mankhwala.”

Amayi anapuma mozama ngati ndawatula mtolo. Anati zikomo.

Lachitatu a sitolo aja anafika cha m'ma teni, naima pachitseko cha wodi. Abambo anali atakonzeka kuyambira m'mawa. Zovala zawo anali atazimanga m'kachitenje, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, atakhala tsonga pamatiresi, nsapato zili kumapazi, zingwe zosamanga chifukwa sakanatha kuwerama. Ine ndi amayi tinali tisanawauze. Aliyense ankadikira mnzake. Potsiriza amayi anagwada pambali pawo.

“Mwanayu wati tidikire mawa. Kukubwera dokotala wamkulu.”

Abambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna andikalipire, anene kuti iwe ukudziwa chiyani, chifukwa akanatero ndikanagonja pomwepo n'kunyamula kamtolo kaja. Sanatero. Anavula jekete pang'onopang'ono, mkono umodzi, kupuma, kenako winawo. Analipinda bwino n'kuliika kumutu ngati pilo.

“Chabwino, adokotala.”

Kanali koyamba kunditchula choncho, ndipo sanabwerezenso. A sitolo aja anatsanzika, nati Mulungu akalola adzatipeza Lachitatu linalo.

Lachinayi dokotala wamkulu anabweradi, ophunzira ali pambuyo pake mndandanda. Anesi anawomba m'manja, ife tinatuluka. Ndinapeza malo pa windo, amayi ali pambali panga atanyanyamphira. Zimene ndinkafuna kuona ndinaziona. Dokotalayo sanali wothamanga. Anafika pa matiresi a abambo, ananjuta pansi, anawapatsa moni, nakweza chithunzi chija n'kumaloza ndi cholembera. Kenako anaitana ophunzira mmodzimmodzi kuti agogode pachifuwa ndi kumvetsera. Aliyense akafika, abambo ankakweza manja m'mwamba okha, osauzidwa, kuti mwana wa eni apeze malo. Ndinawerenga ophunzira asanu ndi mmodzi. Pofika kwa womaliza manja aja anali atalema, koma anawakweza ndithu. Kunali kuphunzitsa kwabwino kwambiri, ndikuvomera.

Gulu lija litapita, wophunzira wathu uja anatuluka n'kundikokera pambali. Anati si chifuwa chachikulu monga ankaganizira poyamba. Ndi chotupa cha m'mapapo, khansa, ndipo yafalikira. Mankhwala ake kuno kulibe.

“Akuti ndi bwino muwatengere kunyumba akadali ndi kamphamvu, akakhale ndi abale.”

Ndinamufunsa kuti abwereze, ngati kuti sindinamve. Anabwereza. Galimoto inali itapita dzulo lake.

Ndinawauza amayi pomwepo pakhonde, ndipo ulendo uno sindinasinthe liwu ndi limodzi lomwe. Sanalire. Anangofunsa kuti tiwanyamula bwanji. Pa basi sakanatheka, munthu woti kukhala tsonga kwa mphindi zochepa kunkamutsamwitsa. Ndinayenda wapansi mpaka ku positi ofesi kukaimba foni ku mishoni kwathu. Ndinadikira pamzere, foni inalira nthawi yaitali, ndipo amene anayankha anati bambo mfumu apita kumidzi ya kutali ndi galimoto, abwera Lachisanu madzulo. Loweruka m'mawa galimotoyo idzatitenga. Ndinabwerera kukauza abambo kuti Loweruka tikupita. Anagwedeza mutu, maso ali otseka. Anafunsa kuti lero ndi lachingati.

Lachisanu masana okolopa analowa ndi ndowa zawo, anesi anawomba m'manja. Abambo anali m'tulo, kapena ndinkaganiza choncho. Ndinawafunditsa bulangete mpaka m'mapewa n'kutuluka ndi magadiyani anzanga. Amayi anali kuchisakasa akuphika phala loti mwina alawako. Tinakhala padzuwa kudikira kuti simenti iume, wina akusimba nkhani za ndale, ena akuseka. Atatilola kulowa, ndinayenda chonyang'ama kuti ndisadetse pansi. Ndinawapeza atatembenukira kukhoma, dzanja limodzi lili pa jekete lija. Anapita okha, popanda wansembe, popanda mkazi wawo, mwana wawo ali panja kudikira kuti pansi paume.

Galimoto ya mishoni inabwera Loweruka m'mawa monga analonjezera. Bokosi anakhomera kumudzi, ndi matabwa a paini amene abambo anacheka okha n'kusunga pansi pa denga kuti adzapangire chitseko chatsopano. Pamaliro anthu ankandigwira dzanja n'kumati adokotala munayesetsa, munawatengera mpaka kuchipatala chachikulu. Ndinkangoti zikomo. Kachewere uja anali atakhwimadi. Tinakumba ine ndi amayi sabata yotsatira, ndipo anabereka bwino chaka chimenecho.

Kunatsala masiku anayi kuti Julayi athe. Ndinali nditachotsa maenvulopu aja m'thumba la shati n'kuwaponya pansi pa mphasa. Amayi anawapeza akusesa, nabwera nawo kumene ndinakhala kuseri kwa nyumba.

“Wasankha?”

Ndinati sindikupita kulikonse. Ndikhala pano ndizilima, kapena ndikapempha ntchito ya abambo kuphiri.

“Ndiye abambo ako ankakweza manja aja pachabe?”

Anaika makalatawo pabondo panga n'kubwerera kukasesa. Apo m'pamene ndikanawauza zonse, za fayilo imene sindinkaimva, za liwu loti mwina limene ndinalitaya panjira, za chimene ndinasankhira kumzinda. Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake, akunyadira mwana wawo dokotala, ndipo anamwalira ndisanawauze.

Ndinayankha sukulu ya boma. Sindinganene kuti ndinayeza bwino n'kupeza kuti ndiyo yoposa. Anzanga amene anapita ku mishoni kuja anatuluka odziwa ntchito, ena kuposa ine. Aphunzitsi anga aja ananena zoona, bambo mfumu nawonso ananena zoona. Ine ndinangoona kuti kwina kulikonse kumene ndingapite, maganizo anga adzakhala ali pakhonde lija, ndiye kunali bwino thupi lipite komweko.

Chaka chachiwiri anatilowetsa m'mawodi. Anesi aja anandizindikira, nati, “Mwabweradi, achimwene. Lowani.” Pamalo a abambo panali munthu wina, pa matiresi omwewo kapena ofanana nawo. Ndinaphunzira kuwerenga mafayilo, ndipo tsiku lina ndinazindikira kuti zilembo zimene ndinkaziyang'anitsitsa zija zinkanena poyera kuti wodwala akuipiraipira. Ndinaphunzira kuwerenga nthiti ndi zala. Ndinabaya abambo a eni kawiri, katatu, madzi osatuluka, ana awo akundiyang'ana ndi maso amene ndinkawadziwa bwino. Manja anga anapsadi msanga.

Masana ena ndikutuluka mu wodi yomweyo, mayi wina anandiimitsa pakhonde. Anali wa msinkhu wa amayi, mapazi ong'ambika ndi chisanu ngati a anthu a kwathu kumapiri, kapoto ka phala kali m'manja. Amuna awo ndinkawadziwa, ndinali nditawachotsa madzi m'chifuwa dzana lake. Zoyeza zawo zinali zisanatuluke. Akanatha kukhala matenda ochizika, akanathanso kukhala omwe aja.

“Adokotala, bambo akunyumba akuti akufuna kwawo. Pali galimoto mawa. Tiwatenge kapena tidikire?”

Fayilo yawo ndinali nditaiwerenga m'mawa womwewo, ndipo tsopano ndinkamva chilembo chilichonse. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wondiyang'anira, koma anali ku fiyeta. Ndinanena mawu amene ndinalephera kuwauza amayi anga pakhonde lomwelo.

“Sindikudziwa, mayi.”

Ndinkaganiza kuti ndikanena zoona chinachake chimasuka, mwa iwo kapena mwa ine. Mayiwo anandiyang'ana gauni, cholembera pathumba, kenako nkhope.

“Musatero, mwanawanga. Inu ndi adokotala.”

M'katimo anesi anawomba m'manja, magadiyani anayamba kutuluka kutidutsa mbali zonse. Mayi aja anaika kapoto kawo pansi, anakonza chitenje, nakhala pa simenti pafupi ndi mapazi anga kudikira kuti ndinene.